Burashi Yokametera Achimwene ku Joni

Ku babashopu, Mangochi

Twaibu mwana wanga,

Salaam aleikum. Magetsi azima kuyambira m'mawa, makina ali chete pamsomali, ndipo anyamata ometetsa masitayilo abwerera onse. Ndiye ndati nditenge pepala ndikulembere, chifukwa ndikamakuyankhula pamaso umangoti "eya bambo, eya bambo" maso ali pafoni. Kalatayi ukawerengere m'basi mawa. Njira ya ku Joni ndi yaitali, batire likuthera musanawoloke pa Tete, ndipo pamenepo undimvera ngakhale usakufuna.

Mayi ako akuuza kale za swala kuti usasiye kupemphera, za anzako oipa, za atsikana ndi zoti uzivala juzi. Zimenezo ine sindibwereza, iwo amazitha kuposa ine. Nkhani yanga ndi imodzi yokha, ya burashi yopakira thovu pometa ndevu. Ndikudziwa useka, iwe amene umati burashi ndi lumo ndi zamakedzana, ndiponso kuti ku Joniko ukukagulitsa matayala, osati kukameta anthu. Seka ndithu. Ukamaliza upitirize kuwerenga.

Ukudziwa kuti bambo ako aakulu, achimwene anga Che Amidu, anagwa ndi sitiroko chaka chatha, ndipo mbali yamanzere inafa. Iwe sukuwakumbuka, ananyamuka kupita ku Joni uli wokwawa. Chimene sindinakuuze bwinobwino ndi chakuti chidwalireni sindinaone nkhope yawo. Akazi awo, alamu anga Abiti Jafali, akaimba foni ya kanema, achimwene amatembenukira kukhoma, ine n'kumacheza ndi kofia ndi phewa. Ku mzikiti Lachisanu anasiya kupita, ngakhale anzawo anawapezera njinga ya olumala yochita kukankha. Alamu akuti vuto ndi ndevu. Zamera mosalongosoka, zakwera m'masaya, zatsikira m'khosi, zapamlomo zikulowa m'kapu ya tiyi. Munthu woyandikana nawo anayesa kuwameta ndi thovu lija la m'chitini lochita kufayira, koma popeza mlomo sutsekeka bwino, thovu linalowa m'kamwa, anatsamwa mpaka misozi. Chichitikireni zimenezo salola aliyense kuwayandikira ndi lumo, ndipo salola aliyense kuwaona ali choncho. Achimwene amenewa ndiwo anandiphunzitsa ntchito ino. Anameta theka la Mangochi, ndipo Lachisanu sankatuluka m'nyumba asanadziyang'ane pagalasi mbali zonse. Ine pasipoti inatha ntchito kalekale, mawondonso sangalole masiku onse aja m'basi. Ndikufuna ndione nkhope ya mkulu wanga tonse tikadali moyo, ndipo manja amene ndingatumize ndi ako okha. Ndimawasowa kwambiri, Twaibu, sindikubisa.

Tsono funso limene likundizunguza mutu ndi lakuti ukawamete ndi burashi yaikulu bwanji. Usaone ngati ndi funso lopusa. Ine ndakhala ndi lumo m'manja kuyambira ndisanakwatire mayi ako, koma mpaka lero maburashi amandidabwitsa. Ungatenge awiri ooneka ofanana pa shelefu, koma pankhope ina imamvera, ina imachita zofuna zake. Kukula kwa burashi usamakuonere kumwamba kumene ubweya wayanzika. Uziyang'ana patsinde, pamene ubweya wamangidwa pamodzi n'kulowa m'chogwirira. Tsinde likaposa chitsekero cha botolo la zakumwa, imeneyo ndi yaikulu. Likacheperako pang'ono ndi yapakati. Likakhala ngati mutu wa chala chako chachikulu, ndi kakang'ono. Zimenezi sindinawerenge paliponse, ndinaziphunzira pankhope za anthu, ena mwa iwo mpaka pano amandikumbutsa tikakumana pamsika.

Woyamba anali Shehe wa mzikiti wathu wakale, Mulungu awachitire chifundo. Nthawi imeneyo ine ndi achimwene tinkameta pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi depoti, mpando umodzi, galasi lopachika pamsomali. Mnzanga wina woyala mabedi ku loji ina ku Nkopola anandibweretsera burashi imene mzungu anamusiyira. Chiburashi, Twaibu! Chofewa, cholemera, ukachinyika m'madzi chimamwa theka la kapu. Ndinachikonda ngati mwana. Lachisanu lina m'mawa Shehe anabwera, achimwene atapita kukatunga madzi, ndiye ndinati lero aone kuti nanenso ndakula. Ndinapukusa thovu, ndinangodutsitsa kawiri, nkhope yonse mbuu, kuyambira pansi pa maso mpaka pakhosi. Koma paja Shehe sankameta ndevu zonse. Ankangofuna uchotse za m'masaya pamwamba pa mzere, za m'khosi pansi pa mzere, ndi kudula zapamlomo. Mzerewo unali utakwiririka. Ine m'malo mopukuta kaye ndinayerekeza pamene uli, lumo n'kudya ndevu za Shehe mulingo wa chala chathunthu kutsaya lamanja. Atapukuta, anadziyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa mofatsa, "Saidi mwanangu, mbali iyi yakulakwira chiyani?"

Achimwene atafika sanakalipe. Anatenga lumo n'kuchepetsa mbali inayo kuti zifanane, ndipo tsiku limenelo Shehe analalikira ali ndi ndevu zowonda. Anthu potuluka ankanong'onezana kuti abwerera unyamata, ena n'kumati mwina akufuna mkazi wachiwiri. Madzulo ake achimwene anatenga chiburashi chija, anachikanikiza chouma pachikhatho changa, ubweya n'kuyanzika mpaka kuphimba chikhatho chonse. Anati, "Waona? Burashi imeneyi si yoipa. Anaipangira munthu wometa nkhope yonse kuti isalale ngati dzira. Ife anthu athu ali ndi malire pankhope. Usamapake pamene sukufuna kumeta." Iwenso uzichita chimodzimodzi, mwana wanga. Burashi iliyonse uziikanikiza kaye pachikhatho, uone malo amene idzatenge pankhope. Ndipo ukumbuke kuti achimwene nawo amasunga ndevu. Usakawachotse zonse poganiza kuti ukuwathandiza. Ukawabwezere mzere wawo.

Zitachitika zimenezo ndinathawira mbali inayo. Ndinagula kaburashi kakang'ono kwa Mmwenye wina m'tauni, n'kulumbira kuti sindidzakhudzanso yaikulu. Kankagwira ntchito yokoma pamizere, sikankalowa m'mphuno mwa munthu, sopo sikankadya. Ndiye kunabwera Che Bwanali, msodzi wa usipa wa ku Malindi, chimunthu chamutu waukulu, akufuna mpala, mutu wonse ndi lumo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija la kwathu kuno loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto. Ndikapaka kutsogolo, pofika kunkhongo kutsogolo kwauma kale, thovu lasanduka ufa. Ndibwerere kukapu, ndipakenso, kwinako kwaumanso. Lumo linayamba kukoka tsitsi, munthu wamkulu n'kumatsinzina. Pomaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "A Saidi, kodi bwato lonse mumalimata phula ndi nthenga ya nkhuku? Anzanga akundidikira ku doko." Ananyamuka theka la mutu likuwala, theka lili ndi tsitsi, anavala chipewa n'kukwera kabaza. Anakamalizitsa kwina, ndipo sanabwerenso. Pamenepo ndinazindikira kuti kakang'ono sikasunga madzi, ndipo pamalo aakulu kamakuchedwetsa mpaka khungu kuuma.

Ndiye usamafunse kuti burashi yabwino ndi iti. Uzifunsa kuti nkhope yake ndi iti, ndipo ukufuna kumeta pati. Achimwene ankachita chinthu chimene poyamba ndinkachiona ngati matama. Munthu akakhala pampando, iwo sankathamangira madzi. Ankamugwira chibwano, kumutembenuza uku ndi uku, kuyendetsa chala m'tsaya kuti amve kumene ndevu zalozera, uku akumufunsa za ana ndi za mitengo ya chimanga. Akatero m'pamene ankatambasula dzanja kusankha burashi. Ine nditayamba kutsanzira ndinaona zinthu zimene zimandisangalatsa mpaka lero. Kodi unaonapo kuti pakhosi pa anthu ambiri ndevu zimazungulira ngati kamvuluvulu? Kodi unaona kuti asodzi khungu lawo ndi lolimba m'masaya koma lofewa pansi pa chibwano pamene dzuwa silifika? Iwe wameta anthu ambiri ndi makina m'shopu muno, ndipo dzanja uli nalo, sindikukunamiza. Koma makina salola munthu kuyang'ana, umangothamanga kuti magetsi asakuthere.

Pali chinanso chimene chinandipusitsa kangapo. Burashi yatsopano imanama. Ikakhala m'sitolo ubweya umakhala wothithikana, woongoka, umaoneka wochepa. Ukainyowetsa kangapo imamasuka, imayanzika, n'kukhala yaikulu kuposa imene unagula. Choncho ukakagula ina kumeneko, utenge yocheperako pang'ono kuyerekeza ndi imene maso akuuza. Uonenso kutalika kwa ubweya. Wautali umagona ukaukanikiza, ndi wofewa, koma umamwaza thovu paliponse, sudziwa malire. Waufupi ndi wolimba, umadzutsa ndevu zogona, koma pakhungu la munthu wodwala ungathe kukanda. Ndinayesapo kudula ubweya wa burashi ina ndi sizasi kuti ndione ngati ingasinthe khalidwe. Inasintha ndithu, inasanduka chotsukira mapoto, ndipo mayi ako anaigwiritsa ntchito imeneyo mpaka inatha. Usadule burashi.

Pogula usayang'ane kukula kokha, ufunsenso kuti ubweyawo ndi wa chiyani. Achimwene atapita kale ku Joni, ndinapeza burashi pa kaunjika, m'thumba la jekete limene munthu wina ankayesa. Kukula kwake kunali kumene ndinkafuna zaka zonse, osati yaikulu, osati yaing'ono, ndipo pachogwirira panali kachithunzi ka nyama ya mano otuluka. Ine ndinkayesa ndi galu wojambulidwa ndi munthu wosadziwa kujambula. Ndinaiika pa shelefu monyadira kuti ndiyambe nayo Lachisanu. Mwayi wake mphunzitsi wina amene ankadikira kumetedwa anaitola, anawerenga timalemba tachingerezi, n'kuyamba kutsokomola. Anati, "A Saidi, mukufuna kupaka anthu opita ku swala ya Juma ku mzikiti ndi ubweya wa nguluwe?" Twaibu, ndinaitulutsa ndi kamtengo! Alhamdulillah inali isanakhudze nkhope ya munthu. Akuti kunjako maburashi otere ndi ambiri, ndipo ndi otchipa. Ukakayika, zula kaubweya kamodzi ukaotche ndi machesi. Ka nayiloni kamasungunuka n'kupanga kampira, ka nyama kamanunkha ngati tsitsi lopsa. Kakakhala ka nyama ufunse kuti nyama yanji, ndipo wogulitsa akayamba kukanda mutu uisiye pomwepo. Bambo ako aakulu akazindikira kuti wawapaka nguluwe, adzadzuka pa njinga ija ndi mbali yakufa yomwe.

Tsopano tifike pa nkhope yawo, pamene nzeru zanga zathera. Ine ndikuidziwa nkhope ya kale, yodzaza, ya masaya otukuka, imene inkafuna burashi yapakati. Ya lero sindikuidziwa. Alamu akuti aonda kwambiri. Ngati masaya alowa m'kati, burashi yaikulu idzangodumpha pamwamba pa dzenjelo, thovu osafika pansi, pamene yaing'ono ingalowemo. Mlomo wosatsekekawo ukufunanso yaing'ono, yoti uziiyendetsa mozemba pakamwa. Koma kumbali ina, iwe ukukafika nthawi yozizira, ndipo akuti kuzizira kwa kumeneko si kwa masewera. Burashi yaing'ono imazizira msanga, ndiye uzidzawapaka thovu lozizira munthu wodwala kale. Yokulirapo imasunga madzi ofunda nthawi yaitali. Ukuona mmene zikukokanirana? Ndakhala ndikuzitembenuza m'mutu mpaka dzulo ndinathira shuga kawiri m'tiyi, mayi ako n'kundifunsa ngati ndayamba kuganiza za mkazi wina.

Ndiye ndasiya kusankha. M'chikwama chako, m'kati mwa masokosi, ndaikamo maburashi awiri, yapakati ya nayiloni ndi kakang'ono ka ubweya wa hatchi, pamodzi ndi lumo, malezala, sizasi ndi sopo wometera. Ukasankhe ndi maso ako ukakawaona. Uyang'ane mpata wa pakati pa mphuno ndi mlomo. Uyang'ane mpata wa pakati pa diso ndi pamene mzere wa ndevu uyenera kudutsa. Burashi imene ikayanzika ikuposa mipata imeneyo ndi yaikulu kwa iwo. Mwina udzapeza kuti yapakati ikuyenera m'khosi, kakang'ono m'masaya. Palibe lamulo loletsa kugwiritsa ntchito awiri pankhope imodzi, ngakhale ine zinanditengera zaka kuti ndiziganize.

Pali zinthu zimene ndikufuna ukandiuze, chifukwa sindinametepo munthu wa sitiroko ndipo ndikufunitsitsa kudziwa. Kodi ndevu za mbali yakufa zimamera liwiro limodzi ndi za mbali yamoyo? Kodi zayera mofanana? Kodi burashi ikamadutsa kumeneko amaimva, kapena amangoona pagalasi kuti yadutsa? Ngati samva, usamale kwambiri, chifukwa munthu wosamva sangakuuze kuti madzi atentha kapena kuti lumo laluma. Madzi uziyesa pamkono pako. Undiuzenso za madzi a ku Joni, ngati amachita thovu. Athu a m'nyanja ndi a mu Shire sachedwa, ungopukusa pang'ono kapu yadzaza. Koma nditapita kukameta apongozi anga ku Katuli, madzi a pamjigo wa kumeneko anakana sopo, ndinapukusa mpaka dzanja kuwawa, n'kupeza timadzi toyera basi. Madzi akakhala okana sopo choncho burashi yaing'ono imavutika kwambiri, ndiye uwiritse kaye madziwo ndipo usaumire sopo. Zimenezi undilembere ndithu, usangoti "zili bho bambo" monga umachitira.

Tsiku loyamba usatulutse chilichonse. Ukapereke salaam, ukhale pansi, upereke usipa ndi ufa zimene mayi ako amanga, uwauze za kuno. Uwauze kuti mtengo wa mango uja anaudula, pamalopo pali shopu ya mafoni. Akatembenukira kukhoma, uziyankhula ndi msana wawo, usachite manyazi ndipo usawamvere chisoni mokweza. Munthu ameneyo chisoni amadana nacho kuposa matenda. Usawayankhule ngati mwana, ndiponso usakuwe, makutu ndi abwinobwino. Alamu akuti mawu amatuluka olemera, koma ukadekha amamveka. Udekhe. Iwe uli ndi chizolowezi chomalizira anthu mawu, chimenecho ukachisiye pa Mwanza.

Akakana kumetedwa usakakamize, ndipo adzakana, ndikuwadziwa. Koma ndikuuze kachinyengo kamodzi. Utenge burashi, uinyowetse, uipake sopo, kenako uisiye patebulo pamene akuona, yosatsuka, ubweya uli pansi chogwirira m'mwamba. Iwe uzichita zina. Achimwene angathe kupirira njala, angathe kupirira ululu, koma burashi yoikidwa choncho sangaipirire. Ine anandikoka nazo khutu ndili ndi ndevu kale. Ukadzamva akung'ung'udza kuti "mwana wa Saidi, ndani anakuphunzitsa uve umenewu," usakwiye, pamenepo ntchito yayamba. Uwafunse mwaulemu kuti, "Nanga bambo, imakhala bwanji?" Adzakuuza kuti uitsuke, uikunthe, uiimike ubweya m'mwamba kapena uipachike kuti iume. Ufunsenso china, ndi china. Munthu amene wayamba kuphunzitsa amaiwala kuti amabisa nkhope.

Akadzalola, uyambe ndi sizasi. Ndevu zotalika sizifuna thovu, burashi imangokodwamo. Uchepetse kaye zonse zimene zili kunja kwa mzere, kenako uike thaulo lofunda. Uwakhazike tsonga, mutu usagone chagada, kuti kanthu kasatsikire kukhosi. Thovu ulipangire m'kapu, osati pankhope, ndipo likhale lolimba loti ukatembenuza burashi silikugwa. Lamadzimadzi ndi limene limayenderera kulowa m'kamwa. Upake malo ochepa, umete, upukute, upite pena. Usapake nkhope yonse nthawi imodzi ngati mmene ndinachitira ndi Shehe. Pafupi ndi mlomo usafikepo ndi burashi ngakhale kakang'ono, utenge thovu ndi chala chako uike pamene ukufuna. Tsaya lakugwalo ulikoke pang'ono ndi zala kuti khungu liwongoke, chifukwa iwo sangathe kulitukumula ndi mpweya monga amachitira anthu ena. Alamu akhale pafupi ndi kansalu kouma.

Ndatsala pang'ono kuiwala chogwirira, chonsecho mwina ndicho chachikulu. Ine pano ndakhala ndikuganiza za dzanja lako, koma dzanja lamanja la achimwene ndi lamoyo. Lumo sangagwire, chifukwa pamafunika dzanja lina lokoka khungu, koma burashi angathe. Uwapatse onse awiri, awagwire, awakanikize pachikhatho chako. Ngati zala zawo zafooka, kakang'ono kadzawapulumuka, chogwirira chake n'choonda ndipo chikanyowa chimaterera. Zikatero ukulunge chogwiriracho ndi kachingwe kapena mphira wa chubu mpaka chidzaze m'dzanja mwawo. Akafuna kudzipaka okha, uwasiye, ngakhale thovu lifike m'khutu. Ndipo akasankha burashi yosiyana ndi imene ine ndanena m'kalata muno, umvere iwo. Zonse ndakulemberazi ndi zawo zomwe, ine ndangozisunga.

Ukamaliza usathamangire foni. Ndikukudziwa, udzafuna kujambula kuti utumize pagulu la banja anthu aike timitima. Ayi. Uwapatse galasi, utuluke panja, ukaone ngati kuli dzuwa. Aziyang'ane okha nthawi imene akufuna. Mbali yakugwayo lumo silingaidzutse, ndipo mwina adzalira, zimenezo si zoti mwana aone. Akadzati kofia yoyera ili kuti, kapena akadzafunsa kuti lero ndi lachingati, udziwe kuti Lachisanu ukukankha njinga kupita ku mzikiti. Za ine adzanena okha. Ndadikira chaka, sindifa ndi sabata ina, Inshallah. Koma akadzati "muimbire Saidi," uimbe nthawi yomweyo, ngakhale ndili pakati pometa munthu ndidzamusiya ndi thovu lake.

Chatsala chimodzi, ndipo chimenechi sichingadikire basi, ndiye ndikuuza pakamwa tikamadya, kalatayi idzangokukumbutsa chifukwa chake. Mawa tikachoka ku swala ya Subuhi m'bandakucha tidzera kuno ku shopu. Ndikhala pampando, iwe undimeta ndi lumo. Chichokereni achimwene palibe munthu amene anayendetsapo lumo pakhosi panga, ndimadzimeta ndekha, ndipo kunena zoona ndikuchita mantha, chifukwa ndinaona mmene umasendera mango. Ndilekerera mlomo wamanzere, sinditukumula tsaya, ndipo sindikuuza burashi yoti utenge. Anthu ankati ine ndi achimwene chibwano ndi chimodzi, ndiye dzanja lako likafika kumeneko silikakhala lachilendo kwenikweni.

Akakakufunsa kuti unaphunzirira pankhope ya ndani, ukawauze kuti ya mng'ono wawo, ndipo kuti sanatuluke magazi. Ngati nditatuluke, ukawauzenso, ndi malo ake enieni, kuti aseke ndi mbali imene yatsalayo.

Uyende bwino mwanangu, Mulungu akusunge panjira.

Ndine bambo ako,
Saidi